Pepala la mneni wa Chilatini madeō: zolemba za ntchito yake

11 Januwale 2025

Kagulu kathu kowerenga Chilatini Loweruka masana kafika pa aneni a gulu lachiwiri, aja othera ndi -eō monga moneō ndi habeō. Tagwirizana kuti m'malo moloweza mndandanda wautali titenge mneni mmodzi, timufufuze mokwanira, kenaka zonse zilowe pa pepala limodzi la A4. Kutsogolo kukhale galamala, kumbuyo kukhale chiyambi cha mawuwo ndi ziganizo za alembi akale. Ntchitoyo yagwera ine, ndipo ndasankha madeō, kukhala wonyowa. Moneō ndamusiya dala. Ndi mneni wosavuta, chilichonse ali nacho, ndiye munthu suphunzira pomwe Chilatini chimaperewera.

Zipangizo: dikishonale ya Lewis ndi Short ya 1879, yomwe imawerengeka mwaulere pa masamba a intaneti a Logeion ndi Perseus, nkhokwe ya PHI Latin Texts yofufuzira mawu m'zolemba zakale, chithunzi cha tsamba limodzi la dikishonale ya Michiel de Vaan ya 2008 yonena za magwero a mawu a Chilatini, chomwe mnzanga wina wanditumizira pa WhatsApp, kope ndi pensulo. Ndalama yomwe yatuluka lero ndi ya bando basi, K6,000.

18 Januwale

Ndinayamba ndi kujambula tebulo la moneō lomwe lili m'buku lathu, kuti ndingosintha tsinde. Sizinatheke. Mneni wa Chilatini amalowezedwa ndi mbali zinayi: moneō, monēre, monuī, monitum. Wathuyu ali ndi zitatu: madeō, madēre, maduī. Yachinayi, yotchedwa supine, palibe. Lewis ndi Short amalemba v. n. pambali pake, kutanthauza kuti ndi mneni wosayambukira, wopanda pamtherankhani. Ndiye theka lonse la tebulo, la msintho wochitidwa uja wa moneor ndi monitus sum, langokhala mabokosi opanda kanthu.

Tsamba lina la pa intaneti lomwe limapanga lokha matebulo a aneni linandidzazira mabokosiwo ndi madeor ndi maditum. Makina amangotsata chikombole, sadziwa kuti dikishonale sivomereza mawu amenewo. Ndafufuta zonsezo. Chatsala ndi ichi:

madeō, madēs, madet, madēmus, madētis, madent; kale madēbam; m'tsogolo madēbō; yathayi maduī, maduistī, maduit; kenaka madueram ndi maduerō; kanenedwe kokayika madeam, madērem, maduerim, maduissem; kolamula madē, madēte; ndi madēns, wonyowa.

Malo omwe atsala pa pepala ndawasunga. Ndikuona kuti afunika.

25 Januwale

Lero ndiye tsiku lomwe pepala lasintha maonekedwe, ndipo chachititsa ndi mzere wa Chichewa. M'kope ndinali ndi matanthauzo omwe aliyense angayambe nawo: madeō ndikunyowa, madēs ukunyowa, madet akunyowa. Nditawerengera gulu, mayi wina yemwe amaphunzitsa Chichewa kusekondale anandiimitsa. "Pepani aphunzitsi, munthu akati ndikunyowa ndiye kuti mvula ikumugwera panopa, sanathe kunyowa. Kodi Chilatinicho chikunena zimenezo?"

Sichikunena zimenezo. Madeō sanena za chinthu chomwe chikuchitika, amanena za mmene chinthu chilili. Madet ndi munthu amene chinyontho chili kale pathupi. Ife mkhalidwe wotero timaunena ndi nthawi yathayi: ndanyowa, monga timanenera kuti ndatopa, ndakhuta, wakalamba. Choncho nthawi yatsopano ya Chilatini iyenera kukumana ndi nthawi yathayi ya Chichewa, ndipo tebulo lonse limasuntha sitepe imodzi. Madet, wanyowa. Madēbat, anali atanyowa. Madēbit, adzakhala atanyowa.

Nanga ndikunyowa apita kuti? Ali ndi mneni wakewake, madēscō, madēscere. Kachidutswa ka -sc- kamasonyeza kulowa mu mkhalidwewo. Ndipo ukafuna kunena kunyowetsa, Aroma ankalumikiza tsinde ndi faciō, kupanga, n'kukhala madefaciō. Ameneyu ndi woyambukira ndipo mbali yachinayi ali nayo, madefactum. Msintho wake wochitidwa ndi madefīō. Apa mpamene ndaona kuti madeō sanaperewere kalikonse. Ntchito zomwe iye sagwira zili m'manja mwa abale ake. Chonyowetsedwa ndi madefactus, chonyowa ndi madidus, chinyontho chenichenicho ndi mador.

Mabokosi opanda kanthu aja ndawadzaza ndi banja limeneli, mizere isanu yoyimirira: madeō, madēscō, madefaciō, madidus, mador. Pansi pake ndaika mabanja ena oumbidwa chimodzimodzi. Kutentha: caleō, calēscō, calefaciō, calidus, calor. Kufunda pang'ono: tepeō, tepēscō, tepefaciō, tepidus, tepor. Kuuma, komwe ndi kutsutsana ndi madeō: āreō, ārēscō, ārefaciō, āridus. Kwa ine gawo limeneli ndi lofunika kuposa tebulo la nthawi, chifukwa munthu akagwira chikombolechi wagwira aneni ambiri a gulu lachiwiri nthawi imodzi. Mabuku ambiri oyambira amamwaza mawuwa m'mitu yosiyanasiyana, wophunzira n'kumaloweza calidus mwezi uno, caleō chaka chamawa, osadziwa kuti ndi pachibale.

1 Febuluwale

Katchulidwe. Pakamwa pathu panazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye aliyense m'gulu amati ma-DE-o, ma-DU-i. Lamulo la Chilatini ndi lakuti phatikizo limenelo limalemera pokhapokha likakhala lalitali. Likakhala lalifupi, mphamvu imabwerera m'mbuyo. Ndiye ndi MA-de-ō, MA-du-ī, MA-di-dus, koma ma-DĒ-re, ma-DĒ-mus, ma-DĒ-bam. A wa mad- ndi wamfupi paliponse. E wa tsinde ndi wamtali, koma amafupika akatsatiridwa ndi vawelo ina kapena ndi -t ndi -nt womaliza, nchifukwa chake timalemba madēs koma madet ndi madent. Timizere tapamwamba tokha sitinathandize, anthu amangotidumpha. Ndalemba phatikizo lolemeralo ndi zilembo zakuda kwambiri.

Bambo wina wachikulire yemwe anaphunzira Chilatini ku seminale sanakondwe nditawerenga madēscit kuti madeskit. "Ife kwathu kuja tinkati madeshit, ndipo madefaciō tinkati madefachio." Ndinawayankha kuti, "Zoona abambo, ameneyo ndi katchulidwe ka tchalitchi, kochokera ku Italy. Plautus ndi Vergilius c ankamutchula k paliponse." Sitinapikisane. Pansi pa pepala pali kamzere konena kuti katchulidwe kali pawiri, aliyense atsate komwe anazolowera, bola kutalika kwa mavawelo kusasokonekere.

8 Febuluwale

Ziganizo. Ndalemba mad- mu PHI, ndipo zatuluka zambiri zoti sizingakwane pa theka la pepala. Lamulo la galamala ndi limodzi lokha: chomwe chanyowetsa chinthucho chimakhala mu ablative, maonekedwe a dzina osonyeza chogwiritsidwa ntchito kapena chochititsa, popanda mperekezi. Chitsanzo choyera ndi cha mu Aeneid ya Vergilius, buku 12, pomwe msilikali Turnus akuthamangira kumalinga a mzinda: sanguine terra madet, nthaka yanyowa ndi magazi. Sanguine ndiye ablative. Ovid, m'buku loyamba la Metamorphoses, ali ndi caede madentīs terrās, maiko onyowa ndi kuphana, omwe Astraea, mulungu wamkazi wa chilungamo, anawasiya pomaliza pa milungu yonse. Chimenechi ndachitenga chifukwa cha madēns. M'buku lomwelo muli madēscit, ponena za dziko la kummwera lomwe limanyowa ndi mitambo ndi mvula.

Vuto ndi lakuti kunyowa ndi gawo chabe la ntchito ya mneniyu, ndipo matanthauzo enawo Chichewa chimawanena ndi mawu osiyana kotheratu.

Loyamba ndi kuledzera. Plautus, wolemba masewero oseketsa yemwe anamwalira mu 184 BC, ali ndi mnyamata dzina lake Callidamates mu Mostellaria, akubwera akudzandira atatsamira chibwenzi chake Delphium. Amafunsa ngati akuoneka kuti waledzera, koma lilime likukana, ndiye mawu amatuluka mwachibwibwi: ma-m-ma-madēre. Akonzi a mabuku amawalemba mosiyanasiyana, ena amalumikiza kuti mammamadere, ndipo mkati mwakemo mukumveka mamma, bere, zomwe Aroma oonera sewerolo sakanalephera kuzimva. Patsogolo pang'ono pakubwera madet homō, waledzera munthuyu. Palibe vīnō, ndi vinyo, palibe kutchula chakumwa chilichonse. Mneni yekhayo ankakwanira. Gulu linaseka kwambiri mzere umenewu, ndipo ndikukhulupirira kuti madēre saiwalikanso.

Lachiwiri ndi kupsa kwa chakudya chophikidwa m'madzi. Mu Menaechmi wophika Cylindrus akulonjeza kuti haec madēbunt, izi zipsa posachedwa. Vergilius m'buku loyamba la Georgics, lomwe linatha mu 29 BC, akufotokoza alimi omwe amanyika mbewu za mtundu wa nyemba mu soda ndi m'zotsalira zakuda za mafuta a olivi asanadzale, kuti maso akule komanso kuti zidzafewe msanga ngakhale moto utachepa. Mawu ake ndi madērent. Munthu akamasulira kuti zinyowe, chiganizo chimafa. Tanthauzo lake ndi lija timanena poyesa nyemba ndi chala kuti zapsa.

Lachitatu ndi thukuta. Mu Mostellaria momwemo, mnyamata yemwe wamwaza chuma cha bambo ake atamva kuti bambowo abwerako ku ulendo amati madeō metū. Metū ndi ablative ya mantha. Ndamasulira kuti thukuta lili kamukamu ndi mantha.

Lachinayi ndi kudzazidwa ndi chinthu chosaoneka. Horace, mu ndakatulo 21 ya buku lachitatu la Odes, akulankhula ndi mtsuko wa vinyo, n'kumautsimikizira kuti Corvinus saunyoza ngakhale kuti Sōcraticīs madet sermōnibus, wakhuta nkhani za Socrates. Nthabwala yake ili pa mneni yemweyu: munthu wanyowa kale ndi nzeru, tsopano anyowe ndi vinyo. Corvinus ameneyu ndi Messalla, yemwe anali consul, mmodzi mwa akuluakulu awiri a boma la Roma, mu 31 BC. Ndinafuna kuwonjezera Tibullus, yemwe amati kuledzera pa tsiku la chikondwerero si chamanyazi, koma malo atha.

15 Febuluwale

Kumbuyo kwa pepala, chiyambi cha mawu. Gawo ili ndi lomwe ladya nthawi, ndipo ndi lomwe latuluka lalifupi kuposa onse.

Funso loyamba linachokera kwa mnyamata wa Fomu 4 m'gulu lathu: kodi madeō ndi madzi si mawu amodzi? Khutu limavomera, koma ayi. Mu madzi, ma- ndi mphatikira wa gulu la maina, yemweyo wa mu mafuta, magazi, malovu. Tsinde ndi -dzi. Mu madeō, mad- yense ndi muzu, sungachotseko ma-. Chichewa ndi cha banja la Bantu, Chilatini ndi cha banja la Indo-European, ndipo kufananaku kwangochitika. Ndamuuza kuti agwiritse ntchito pokumbukira, koma asadzalembe pa mayeso. Ndatsegula kabokosi ka mawu ongofanana nkhope. Mwalowa madzi, mwalowa Madeira, chisumbu chomwe dzina lake ndi la Chipwitikizi lotanthauza mitengo kuchokera ku māteria, mwalowanso mad wa Chingerezi, yemwe ali ndi gwero lina. A Chilatini omwe amasokoneza pofufuza ndi mandō, kutafuna, mānō, kuyenderera, ndi maneō, kukhala.

Tsopano abale enieni. Wapafupi ndi wa Chigiriki, μαδάω, madaō, kukhala wonyowa kapena wofewa ndi chinyontho, komanso kuthothoka kwa tsitsi. Kuchokera apo pali μαδαρός, madaros, chonyowa kapena chadazi, ndipo madokotala mpaka lero amati madarosis ponena kuthothoka kwa tsitsi la nsidze ndi la m'zikope, chimodzi mwa zizindikiro za khate. Ku Ireland wakale kuli maidid, kusweka kapena kuphulika. Ku Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, kuli mádati, kusangalala kapena kuledzera, ndi máda, kuledzera.

Apa mabuku sakugwirizana. Julius Pokorny, mu dikishonale yake ya 1959, anaika zonsezi pansi pa muzu umodzi *mad-, kunyowa kapena kudontha, ndipo anakokeramo ngakhale mawu a zinenero za Chijeremani onena chakudya, monga mats wa Gothic ndi mete wa Chingerezi chakale, kholo la meat. Mabuku atsopano amalemba muzuwo *meh₂d-, ndipo akatswiri ena amachotsa mawu a Sanskrit ndi a chakudya aja n'kuwapatsa muzu wina wonena kukhuta. Kanyenyezi kamatanthauza kuti mawuwo sanapezeke olembedwa pena paliponse, ndi ongobwezeretsedwa poyerekeza zinenero. H₂ ndi liwu lapakhosi lomwe linazimiririka m'Chilatini ndi m'Chigiriki koma linasiya vawelo a. Ferdinand de Saussure ndiye anayamba kuliganizira mu 1879, ndipo Jerzy Kuryłowicz mu 1927 anasonyeza kuti chinenero cha Ahiti chinalisunga.

Mádati amakopa kwambiri, chifukwa kuledzera kwa Callidamates ndi kuledzera kwa Sanskrit zikuoneka ngati chinthu chimodzi. Ine ndikukayika kudalira zimenezo. Kuchoka pa kunyowa kufika pa kuledzera ndi njira yaifupi yomwe Chilatini chikanatha kuyenda chokha, popanda cholowa cha makolo.

Chomwe sichikayikitsa ndi ē wa mu madēre. Ameneyu akuchokera ku mphatikira wakale *-eh₁- wosonyeza mkhalidwe, ndipo ndi yemweyo wa mu calēre, ārēre, rubēre. Monēre ali m'gulu lomwelo koma ē wake anabwera njira ina, ya mphatikira wochititsa, ndipo tanthauzo lake lakale ndi kukumbutsa. Nchifukwa chake tebulo la moneō linakana pa 18 Januwale paja: aneni awiriwa amangogona m'chipinda chimodzi, mitundu yawo ndi yosiyana.

Pa pepala ndagwiritsa ntchito mizere iwiri. Mzere wathunthu ukulumikiza madeō ndi banja lake la Chilatini, madaō wa Chigiriki, ndi madido wa Chitaliyana cha m'mabuku, uja wa madido di sudore, wonyowa ndi thukuta. Mzere wa timadontho ukupita ku maidid, mádati ndi mete.

22 Febuluwale

Kusindikiza. Fayilo ya Word itatsegulidwa pa kompyuta ya pa shopu ina m'tauni, ē, ō ndi ī zinasintha kaonekedwe pakati pa mawu, ₂ wa *meh₂d- anasanduka kabokosi, ndipo Chigiriki chinatuluka ndi zilembo za mtundu wina. Font yomwe ndinasankha kunyumba kulibe pa makina awo. Mapepala awiri oyeserera, K600, atayika. Ndatsitsa Gentium, font yaulere ya bungwe la SIL yomwe ili ndi zilembo zonsezi pamodzi ndi ŵ wathu, ndipo tsopano ndimapita ndi PDF, osati Word.

Kwa amene akuvutika kulemba timizere: mu Word lembani 0113 kenaka Alt ndi X, patuluka ē. Nambala ya ō ndi 014D, ī ndi 012B, ā ndi 0101, ₂ ndi 2082. Pa foni ingodinikizani chilembocho kwa kanthawi pa kiyibodi ya Chingerezi.

Ndinasindikiza mapepala 12 mbali zonse, K7,200. Makina ake anali a inki yamadzi. Pobwerera mvula inandipeza panjira, envulopu inavumbwa m'mbali, ndipo inki inayenderera. Timizere tapamwamba ndi tomwe tinayamba kusungunuka, madēre n'kumaoneka ngati madere wokhala ndi banga. Ndawayanika pa tebulo, agwira ntchito yoyesera sabata yamawa. Osindikiza komaliza akhale a makina a toner, inki yaufa.

1 Malichi

Tayesa pepala pagulu ndi ziganizo zazifupi zoti amasulire. Madet, madēscit ndi madefacit palibe anasokoneza, mizere isanu ija yagwira ntchito. Pomwe anthu anagwa ndi maduit. Theka linalemba anali wonyowa, theka linalemba ananyowa, ndipo onse analondola, chifukwa madeō ndi madēscō amagawana nthawi yathayi imodzi, maduī. Chimodzimodzi caluī ndi wa caleō komanso calēscō. Chiganizo chokha ndi chomwe chimakuuza, ndipo kawirikawiri ananyowa ndi amene amakwana. Pa pepala maduī anali pansi pa madeō yekha. Ndamusuntha, tsopano ali pakati pa mizere iwiriyo ndi mivi iwiri.

China: madeam ena anamuyesa nthawi yam'tsogolo, potengera regam ndi audiam za magulu ena. M'gulu lachiwiri m'tsogolo ndi -bō, ndiye madeam ndi kanenedwe kokayika basi. Ndaika chenjezo la mzere umodzi. Atatu analemba madet vīnum pofuna kunena kuti waledzera ndi vinyo. Ndawonjezera madet vīnō ndi zilembo zazikulu pamwamba pa ziganizo.

Abambo a ku seminale aja apempha kuti madulsa alowe. Ndi mawu a mu Pseudolus wa Plautus, pomwe kapolo woledzera akunena za mmene mowa wamukolera. Alowa m'munsi mwa madidus, pamodzi ndi permadēscō, kunyowa mpaka mkati.

8 Malichi

Ndasindikiza kope limodzi pa makina a toner, K600, n'kupanga fotokope. Yoyamba inadya timizere ta pa ī, tinali topyapyala kwambiri pa saizi 10. Ndakweza zilembo za Chilatini kufika pa 12, ndipo kuti zikwane ndachotsa chiganizo chimodzi cha Ovid, cha madēscit. Fotokope 12 mbali zonse, K3,600. Kumata pulasitiki kunali K2,000 pepala limodzi, ndiye ndamatitsa limodzi lokha lokhoma pakhoma. Enawo alowa m'timatumba ta pulasitiki ta mafayilo, K300 kamodzi, K3,600. Zonse pamodzi kuyambira Januwale zakwana K23,600, ndipo K7,800 mwa imeneyo ndi ya mapepala awiri oyeserera ndi aja anavumbwa.

Chinthu chimodzi sichinalowe. Mu Satyricon wa Petronius, mlendo wina paphwando la Trimalchio amati plānē matus sum, ndaledzereratu. Akatswiri ena amati matus kapena mattus anachokera ku *maditus, mbali yachinayi ija yomwe madeō alibe m'Chilatini cha m'mabuku, ndipo ena amamulumikizanso ndi matto wa Chitaliyana, wamisala. Ena amakana zonse ziwiri. Pa kope langa ndamulemba ndi pensulo m'mphepete. Mayi ophunzitsa Chichewa aja atenga fayilo, akufuna kuyesa chikombole chomwechi pa caleō, ndipo anena kale kuti mzere wa Chichewa uwavuta, chifukwa kutentha kwathu kumanena zonse ziwiri, kukhala kotentha ndi kuotcha chinthu.